Sakhwi ndi Luzi Louma

Padangokhalatu. Vomerani kuti tili tonse, chifukwa iyi sindifuna kuisenza ndekha.

Kunali dziko la mapiri kumene nyama zinkayenda pa njinga. Musandifunse kuti zinazitenga kuti. Ine ndinazipeza zikupalasa kale. Aliyense wodziwika anali ndi yake, ndipo amene analibe anaphunzira kudumphira patchire akangomva belu.

M'dzikomo munali Sakhwi, kanyama ka mphuno yaitali kaja, kothamanga ngati kaba kanthu. Ntchito yake inali yolambula njira. Kukacha ankanyamula tsache ndi kakhasu, n'kumachotsa miyala, timitengo ndi minga kuti matayala a akuluakulu asaphulike. Bambo ake ankagwira yomweyo. Udindo analibe, ngakhale moni weniweniyu sankapatsidwa. Njinga anali nayo, koma yotolatola: felemu anaifukula kudzala, tcheni anachilumikiza ndi waya, chishalo chinali cha chiguduli. Mabuleki inalibe. Akafika pamtsetse ankadula nthambi yaiwisi yamasamba, n'kuimangirira ndi luzi kumbuyo kwa kaliyala kuti izikwekwereka pansi. Nthambiyo ndiyo inkagwira njinga kuti isathawe naye.

Sakhwi anali mkamwini kwawo kwa mkazi wake Nambewe, ndipo nyumba yawo inali m'munsi mwa mtsetse waukulu wochokera pamwamba pa phiri, pamene njira imakhota. Nyumbayo ndiyo inayamba kukhalapo. Njira inabwera pambuyo, n'kudzadutsa pakhomo penipeni, moti munthu akatuluka phazi lake loyamba linkatera pamene padutsa matayala. Kusamuka sakanatha: malo anali a makolo a Nambewe, ndipo pena ponse panali potsetsereka.

Anali ndi ana awiri, Dziwani ndi mlongo wake wamng'ono Tinyade. Tsiku lina Dziwani anatuluka kuti akatole mpira wake wa masanza. Nyani, amene anali kapitawo wa njira zonse, ankatsika phiri ndi liwiro la mtondo wadooka. Belu analiza, inde. Analiza atamuponda kale.

Nkhani inapita kubwalo. Woweruza anali Nungu, nduna ya m'deralo, munthu wansangala ndi wokonda kuseka. Iyeyo sankatha kupalasa, choncho kulikonse ankapita atakhala pa kaliyala ya Nyani. Anamvetsera mbali zonse ziwiri akugwedeza mutu, kenaka anati, "Njinga ilibe maso. Pepani, a Sakhwi."

"Ndiye chotsani njirayo pakhomo panga, a Nduna," anatero Sakhwi. "Idutse kuseri kwa chulu. Ndilambula ndekha."

"Wosuntha njira ndi kapitawo yekha."

Onse anayang'ana kwa Nyani. Iye ankapukuta belu lake ndi chala.

"Kuseri kwa chulu n'kozungulira," anatero. "Ine ndilibe nthawi."

Mlandu unathera pomwepo, abale anga, dzuwa lisanafike n'komwe pamutu.

Sakhwi sanalire pamaliro, mpaka ena anamunena. Koma atabwerera kuntchito anayamba kuimba kanyimbo kena akusesa. Kanali kafupi. Ankatchula dzina la mwana wakeyo, n'kumuchenjeza kuti apatuke chifukwa akuluakulu akubwera, ndipo kovomera kake kanali ka mwana woyankha kuti wapatuka kale. Poyamba ankavomera yekha. Kenaka Tinyade, amene sankadziwa n'komwe kuti nyimboyo ikunena chiyani, anakatola kovomerako. Bambo ake akamaimba kumtunda, kamawu kake kankayankha kuchokera pakhonde. Nambewe ankadana nayo nyimboyo, koma sankaletsa.

Itakwana nthawi yokolola, Nambewe anamukhazika pansi mwamuna wake.

"Bambo a Dziwani," anatero, poti dzinalo sanasiye kumuitanira nalo, "mwana watsala mmodzi. Dzulo tayala linamudutsa pamphuno. Ine sindingamumange mwendo."

"Ndilanda chipewa cha Nyani."

"Ndi njinga iti?"

"Yomweyi."

Nambewe anayang'ana njingayo, n'kuyang'ana mwini wake.

"Chitani zimene mungathe," anatero. "Bola njira ichoke pakhomo pano."

Tsono mwambo wa dzikolo unali wakuti chaka chilichonse akakolola, aliyense wofuna chipewa cha ukapitawo ankatha kupikisana ndi mwini chipewa maulendo atatu: pamsewu, m'kanjira ka m'tchire, ndi kutsika phiri. Wopambana kawiri chipewa chinali chake. Panali patapita zaka zambiri popanda woyerekeza. Sakhwi atakanena kwa Nungu, ndunayo inaseka mpaka minga yake inachita phokoso.

"Inuyo? Chabwino, tiseke nawo. Kwakhala kuli zii chaka chino."

Tsiku loyamba linali la msewu, chitunda chokhachokha kuyambira pamlatho kukafika pampata. Nyani anabwera ndi njinga yake yonyezimira, ya mabelu awiri. Sakhwi anagwada pambali pake ali ndi kasanza m'manja.

"Ndikupukutireniko fumbi, a Kapitawo. Sizingaoneke bwino kuti mundipambane ndi njinga yakuda."

"Ulemu uli nawo, nzeru ndiye ulibe," anatero Nyani. "Pukuta."

Akupukuta chomwecho, anamanga luzi kunsi kwa kaliyala ya Nyani, mbali inayo n'kuikulunga pa handulo yake.

Nungu anamenya khasu, ulendo unayambika. Nyani anapalasa ndi mphamvu zake zonse. Luzi linakungika, Sakhwi n'kutsatira pambuyo atasanja mapazi pa felemu, akuimba kanyimbo kake kaja. Amene anaima m'mbali mwa msewu anagwira pakamwa.

"Lero njingayi yalemera bwanji?" ankang'ung'udza motero Nyani.

Koma kucheuka ayi. Munthu wachipewa sacheuka. Amene ali kumbuyo kwake si kanthu. Zaka zonsezi ndi mmene ankayendera.

Atatsala pang'ono kufika pampata, thukuta lili kamukamu, lilime lili panja, Nyani anatsika kuti akankhe. Sakhwi anamasula luzi pa handulo, n'kuponda mapedulo ndi miyendo imene sinagwire ntchito tsiku lonse.

"Zikomo pondiperekeza, bwana," anatero podutsa.

Nyani atafika anapeza luzi likulendewera kumbuyo kwake ndipo khamu lonse lili gadaa ndi phwete. Nungu nayenso ankaseka, koma ataona nkhope ya amene amamukweza, anadzigwira.

"Lamulo silinaletse," anatero akutsokomola. "Koma kuyambira lero njinga isamangiriridwe ku inzake."

Kunyumba Tinyade anavina pakhonde. Nambewe anamukokera mkati, poti kumtunda kunamveka belu.

"Kwatsala kumodzi," anauza mwamuna wake.

Ulendo wachiwiri unali wa m'kanjira. Madzulo a tsiku lisanafike, Sakhwi anapita kuntchito monga mwa masiku onse, tsache lili paphewa, ndipo palibe anamufunsa. Ndani amafunsa wosesa kumene akupita? Atafika pamphambano anasesa bwinobwino kanjira kakale ka nguluwe, kolowera kudambo la chitedze, mpaka kanayera mbee. Zinyalala zonse anazimwaza m'kanjira kenikeni.

M'mawa Nyani anayang'ana kunsi kwa kaliyala katatu.

"Usayandikire njinga yanga."

"Sindiyandikira, bwana. Tsogolani."

Mukuganiza kuti kapitawo wa njira zonse ankazidziwa njirazo? Ankadziwa poyera basi. Chivalireni chipewa anali asanagwirepo tsache, ndipo ankangowerama n'kumatsata pamene wina wamusesera. Atafika pamphambano sanaganize kawiri. Sakhwi, ali m'mbuyo, anamva mabelu awiri akulowera kudambo, kenaka anamva kutukwana. Iye anadutsa pazinyalala zake, n'kuyamba nyimbo ija, ndipo anaiimba mpaka kukafika kumene ankawadikira.

Nyani anatulukira dzuwa litapendeka, njinga ili paphewa, matope mpaka m'chiuno, akudzikanda ndi dzanja lotsala. Chitedze chimenecho sichinamutherebe. Mukamuona lero muona kuti akadadzikanda.

Sakhwi anapita kwa Nungu, n'kuwomba m'manja mwaulemu.

"Ndapambana kawiri, a Nduna."

Nungu anaimirira. Anapita pambali ndi Nyani, ananong'onezana, n'kubwerako akumwetulira.

"Mwachita bwino zedi, a Sakhwi. Kungoti kawiri n'kwa amene ali kale ndi chipewa. Wofuna kulanda apambane katatu konse."

"Lamulo limenelo layamba liti?"

"Lilipo kuyambira kale. Panalibe wolifuna n'chifukwa chake simunalimve. Ndipo tsachelo bweretsani kuno, likhale kwa ine mpaka mpikisano utatha."

Sakhwi anapereka tsache ndi manja awiri. Mtima unamuwawa kwambiri, kuposa tsiku la mlandu lija. Kufikira nthawi imeneyo ankafuna njira yokha. Tsiku limenelo, akubwerera kunyumba chimanjamanja, anayamba kufuna moyo wa Nyani.

Ulendo wachitatu sunali woopsa kwa iye. Mtsetse wa phirilo unali wautali moti mabuleki ankatentha n'kusiya kugwira, ndipo aliyense wokhala nawo ankaima pakati, pakasupe, kuti awathire madzi. Sakhwi ndi nthambi yake sankaima. Dziko lonse linkadziwa kuti apambana, ndipo Nyani ankadziwanso.

N'chifukwa chake madzulo a tsiku lotsatira, dzuwa lidakalipo, Nyani anafika pakhomo pa Sakhwi. Odi sanachite.

"Iwe Sakhwi, umatsika bwanji phiri lonseli osaima?"

"Ndi umphawi chabe, bwana. Ndimakoka nthambi."

"Ndionetse."

Sakhwi anamuonetsa podula nthambi, pomanga mfundo, ndi kutalika kwa luzi. Nyani anayang'anitsitsa zonse.

"Ndikamanga nthambi, mabuleki ndiwasiye momwemo?"

Apa ndi pamene panali poti anene zoona. Koma Nyani anali ataima pamalo omwewo pamene anagona Dziwani, chala chake chili pabelu. Sakhwi anayang'ana mapaziwo kwa kanthawi.

"Mukawasiya mudzawagwira, bwana, dzanja linazolowera. Ndipo mukawagwira nthambi ili kumbuyo, njinga imapotoka n'kukuponyani. Ine ngakhale atandipatsa aulere sindingaike."

Zimenezo zinali bodza. Bodza lalikulu linali lina. Luzi lokokera nthambi limayenera kugona m'madzi. Pamiyala nthambi imadumphadumpha n'kumakoka mwadzidzidzi; luzi lonyowa limatamuka, louma limaduka. La Sakhwi linali mu mtsuko kuseri kwa nyumba. Koma patsindwi la khonde, poonekera, panali patapachikidwa lina lalitali, lokongola, louma gwa.

"Luzi ili?" anatero Nyani akutambasula dzanja.

Sakhwi analumpha n'kuima patsogolo pake.

"Limenelo ayi, bwana. Ndi langa la mawa. Ndikusenderani lina."

"Kuti undisendere lowola? Ndakudziwa tsopano."

Anamukankhira pambali, anatsomphola luzilo, n'kukwera njinga yake.

Nambewe anamva zonse ali m'nyumba. Anatuluka n'kutseka chitseko kuti mwana asamve.

"Mwamupatsa louma."

"Walanda yekha. Mwaona."

"Ndaona. Ndinaonanso amene analipachika poonekera."

"Lidzaduka pamiyala yoyamba, pamwamba pa chigwembe. Sadzatha kukhota. Kuno sadzafika."

"Mawa mupambana ngakhale popanda zimenezi. Tinkafuna njira ichoke, osati maliro ena."

"Dziwani mwamuiwala, mayi?"

"Dziwani ndinabereka ndine. Musandifunsenso zimenezo. Pitani mukamuuze kuti aviike luzilo m'madzi."

Sakhwi anatuluka. Anayenda mpaka pachulu, anakhala kuseri kwake nthawi yokwanira kupita kwa Nyani ndi kubwerako, kenaka anabwerera.

"Mwamuuza?"

"Ndamuuza."

Anali atapusitsa kapitawo kawiri, dziko lonse n'kumuwombera m'manja. Uku kunali kuyamba kupusitsa wa m'nyumba mwake, ndipo sikunamuvute n'komwe.

Kutacha Nambewe anamanga nsalu, n'kugwira Tinyade padzanja.

"Ndipite naye kwa achemwali kutsidya. Tibwera zikatha."

"Ayi. Lero m'njira monse muli njinga za odzaonerera. M'nyumba ndiye mosungika. Mutseke chitseko, musatuluke mpaka titadutsa."

Nambewe anaganiza pang'ono. Poti anali atauzidwa kuti Nyani wachenjezedwa za luzi, anamasula nsalu ija.

"Ababa, mukamaimba ndivomere?" anafunsa Tinyade.

"Uvomere, koma uli m'nyumba."

"Mudzamva?"

"Ndidzamva. Ukweze mawu."

Sakhwi anavuula luzi lake mu mtsuko, n'kuyamba kukankha njinga kukwera phiri.

Pamwamba anapeza Nyani atafika kale. Mahandulo ake anali mbulanda, mabuleki atachotsa onse, ndipo kumbuyo kunali chinthambi chachikulu kuposa cha Sakhwi. Nungu sanakwere nawo. Ankadikira kumtsinje kumene ulendo unkathera. Wina anamenya khasu m'malo mwake.

Nyani anatsogola, poti ndi wolemera. Sakhwi akanatha kumupitirira, koma anatsalira dala m'fumbi lake. Ankafuna kuona ndi maso ake. Anayamba nyimbo ija, ndipo tsiku limenelo anaiimba mokweza kuposa kale lonse, akutchula dzina la mwana wake kuti Nyani alimve bwino.

Anadutsa pakasupe osaima. Anafika pamiyala yoyamba. Nthambi ya Nyani inayamba kudumpha, ndipo Sakhwi anamva kulira kwa luzi likuduka. Mtima wake unalumpha ndi chimwemwe, sindikubisirani. Anatukula khosi kuti aone chigwembe chikumeza kapitawo.

Nyani anakhota bwinobwino n'kupitirira.

Pokhotapo mphepo inachotsa fumbi, ndipo Sakhwi anaona. Nyani, munthu wopusitsidwa kawiri, sanakhulupirire luzi limodzi. Anali atalipinda pawiri. Mbali imodzi inali itaduka, ikuuluka kumbuyo. Inayo inkagwirabe, koma inali itayamba kuyoyoka.

Palibe amene ankaidziwa njira imeneyo kuposa Sakhwi. Ankadziwa mwala uliwonse. Kutsogolo kunatsala miyala yachiwiri, ndipo miyalayo ikatha panali pokhota pa nyumba yake. Nyimbo inamuumira m'kamwa.

"A Kapitawo, imani! Pondani tayala ndi phazi, luzi likuduka!"

"Kachitatu ayi, Sakhwi," anayankha Nyani akuseka.

"Ndikunena zoona, bwana. Cheukani muone."

Koma munthu wachipewa sacheuka. Nyani anawerama n'kuponda mapedulo.

Sakhwi anapalasa ndi mphamvu zonse kuti amupeze, amugwire malaya, amugwetsere m'tchire. Nthambi yake inamugwira. Luzi lake linali lonyowa, lomangidwa bwino, ndipo linagwira ntchito yake monga mwa masiku onse.

Pamiyala yachiwiri nthambi ya Nyani inadumpha kamodzi, kawiri, n'kutsala m'njira yokha.

Nyimbo ija inali itatsika kale phiri. Tinyade anali ataimva, ndipo anachita monga anauzidwira. Sanatuluke. Anaima kuseri kwa chitseko cha bango, pakamwa ataika pampata kuti bambo ake amve bwino. Sakhwi anakamva kamawuko, kokweza, kosangalala, kakuyankha kuti kapatuka kale.

Zinazo sindinena. Chitseko chinali cha bango, ndanena kale.

Anthu anamutola Nyani kuseri kwa nyumba, atakwekwereka chokhala pamiyala mpaka ubweya wonse wa kumatako unatsala pansi. Anali wamoyo. Oterewa safa msanga.

Ataika maliro, bwalo linakhalanso. Nungu anabwera wapansi, akudandaula za mapazi ake. Anamvetsera mbali zonse akugwedeza mutu. Nyani ananena za luzi, koma anavomera yekha kuti anachita kulanda mwini wake akukana. Nambewe sanabwere kubwaloko.

"Njinga ilibe maso," anatero Nungu. "Pepani, a Sakhwi."

Kenaka anatenga chipewa. Nyani sakanathanso kukhala pa chishalo, ndipo dziko silikanakhala lopanda kapitawo. Anamuveka Sakhwi, n'kumubwezera tsache lake.

"Mpikisano sunathe, koma tikuchitirani chifundo. Tsopano njira isuntheni kumene mukufuna. Ndipo mukonzeko kaliyala yanuyo, a Kapitawo, muike kachiguduli kofewa. Ndizikwera pamenepo."

Khamu linawomba m'manja. Amene sankamupatsa moni anayamba kumugwadira.

Sakhwi atafika kunyumba anapeza Nambewe atakhala pamene panali chitseko. Pamiyendo pake panali chidutswa cha luzi chimene anachichotsa pa kaliyala ya Nyani. Sakhwi atayandikira, mayiyo anachipinda ndi zala ziwiri. Chinathyoka ngati phesi.

"Munati mwamuuza."

Sakhwi anayang'ana pansi.

"Njira ndiichotsa mawa," anatero. "Ndiyambira pachulu. Sipadzadutsanso njinga pano, mayi a..."

Anasowa dzina lomalizira.

"Isiyeni pomwe ili, a Sakhwi," anatero Nambewe. Chibadwireni mwana woyamba anali asanamutchulepo dzina lake lenileni. "Ipondanso ndani?"

Analowa m'nyumba, anatulutsa kakhasu ndi bulangete, n'kuziika m'njira pamene padutsa matayala.

"Kwanu mukukudziwa."

Koma kwawo kwa Sakhwi kunali m'njira momwemo. Chipewa anachisiya pachulu, chiswe chinadya. Njinga sanaikwerenso. Mpaka lero sakhwi samanga nyumba. Mukamupeza m'tchire mumuona akuthamanga m'tinjira take, uku ndi uku, akuchotsa kamtengo kalikonse ndi katsamba kalikonse, ngakhale palibe amene anamutuma. Nthawi zina amaima mwadzidzidzi pakati pa njira, mphuno ikunjenjemera, makutu ali tcheru. Pamenepo amakhala atamaliza mbali yake ya nyimbo, ndipo akudikira wovomera.

Yanga yathera pompa. Amene anaika mbatata pamoto akaphule yekha. Ine njala ndilibe.